Loni ya ku yunivesite: angokhululukira onse, kapena ayambe aona kaye kuti munthu ali pati?

Nkhaniyi inabuka pa maliro ku Area 25, usiku tikuchezera pa moto, nthawi ija makwaya apuma kaye anthu nkuyamba kukamba izi ndi izo kuti tulo tisabwere. Mnyamata wina amene anamaliza digiri zaka zitatu zapitazo koma mpaka pano akuyendetsa kabaza pa njinga yamoto ya achimwene ake anangoti boma lingofafaniza ma loni onse basi, tibweza ndi chani ntchito kulibe. Bambo ena achikulire omwe anapuma ntchito ku Capital Hill anamuyang'ana kaye nkunena kuti, mwana wanga, ngongole ndi ngongole, unasaina wekha, nanga ukapanda kubweza mng'ono wako adzaphunzira ndi chani? Mnyamata uja sanachite mwano ayi, anangoti, bambo, inu nthawi yanu mumatuluka sukulu ntchito ikukudikirani, ife tikutuluka nkupeza mzere wa anzathu omwe anatuluka kale. Ine ndinangokhala chete kumamvetsera, ndipo chomwe ndinaona nchoti onse awiri amanena zoona, kungoti aliyense anali ndi munthu wake m'mutu. Bambo aja amaona bwana wa ku banki amene akuyenda pa galimoto ya bwino koma sanabwezepo olo tambala, pomwe mnyamata uja amadziona yekha ali pa siteji ya kabaza dzuwa likumuotcha, digiri ili mu envelopu pansi pa matilesi. Anthu awiriwa onse ali ndi ngongole imodzimodzi pa pepala, nde funso nkumati lamulo liwatenge chimodzimodzi?

Tiyambe ndi mmene zinthu zilili kwathu kuno. Ngongolezi zimayendetsedwa ndi Higher Education Students' Loans and Grants Board, ambiri timangoti Loans Board, yomwe inakhazikitsidwa ndi lamulo la Nyumba ya Malamulo mu 2015 ndipo maofesi ake ali mu Lilongwe momuno. Ntchito zake zikuluzikulu ndi kubwereketsa ndalama kwa ophunzira osowa kuti alipire fizi komanso apeze ya upkeep, ndi kutolera kwa amene anabwereka kale, kuyambira omwe anatenga ngongole cha m'ma 1985 uko bodiyi isanabadwe nkomwe. Maganizo ake ndi a thumba lozungulira, ngati mmene banki m'khonde imayendera: wabwereka, wabweza, mnzako nayenso abwereke. Ku banki m'khonde tonse timadziwa zomwe zimachitika anthu atatu anayi akangothawa ndi ndalama, pogawana mu Disembala pamakhala kulira. Nde chaka chilichonse ana ofunsira loni ku Unima, MUBAS, KUHeS, LUANAR, Mzuni, MUST komanso mayunivesite ena omwe si aboma amachuluka kuposa ndalama zomwe zilipo, ena amasiyidwa, ndipo pa osiyidwawo ena amabwerera kumudzi malo awo ali pomwepo. Izi muzisunge m'mutu chifukwa kukhululukira kulikonse komwe tingakambe ndalama yake imachoka penapake, siimagwa kumwamba.

Tsono anthu akamati akhululukire onse, tiyeni tione kuti onsewo ndi ndani. Malawi ili m'gulu la maiko omwe anthu ofika ku yunivesite ndi ochepetsetsa pa dziko lonse lapansi. Pulayimale yaulere inabwera mu 1994, ana anadzaza m'makalasi mpaka pansi pa mitengo, koma mukamakwera m'mwamba khomo limanka lichepa, sekondale ochepa, yunivesite ochepa zedi. Ndiye kuti amene ali ndi ngongole ya ku yunivesite, olo akuvutika lero, ali m'kagulu kakang'ono komwe kali ndi mwayi woposa Amalawi ambiri. Mayi wogulitsa tomato ku Lizulu amene mwana wake analekezera fomu 2 amapereka msonkho akamagula sopo, akamagula mayunitsi, akamakwera minibasi yothira mafuta okhomeredwa msonkho. Boma likafafaniza ngongole za aliyense, mayi ameneyu wathandiza nawo kulipira ngongole ya loya wa ku Area 47 ndi ya bwana wa kampani ya ku Kanengo. Ine apa ndi pomwe mtima wanga umakana. Sikuti ndilibe chisoni ndi mnyamata wa kabaza uja, ndili nacho kwambiri, koma kuti timuthandize iyeyo sizikufunika kuti tipatsenso mphatso munthu amene akumanga nyumba yachitatu ku Area 49.

Ku America mkangano umenewu wafika patali kuposa kulikonse. Kumeneko anthu oposa 40 miliyoni ali ndi ngongole za sukulu ku boma, zonse pamodzi zimaposa madola 1.6 thiriliyoni. Mu Ogasiti 2022 pulezidenti wa nthawi imeneyo Joe Biden analengeza kuti afafaniza mpaka madola 10,000 kwa aliyense amene amalandira ochepera madola 125,000 pa chaka, ndi mpaka madola 20,000 kwa omwe ali pa sukulu analandirako Pell Grant, thandizo lomwe limapita kwa ana ochokera m'mabanja osauka. Muone kuti olo pulani imeneyi, yomwe anthu amaitchula ngati yokhululukira onse, inali ndi sefa ziwiri, ina yoona zomwe munthu akulandira pano ina yoona komwe anachokera. Inatsutsidwabe mbali zonse, ena amati malire a 125,000 ndi okwera kwambiri moti akuthandiza anthu okhuta kale, ena amati 10,000 ndi kadontho chabe kwa munthu amene ali ndi ngongole ya 80,000, enanso amati nanga woyendetsa thiraki amene sanapiteko ku koleji alipirirenji za anzake. Mu Juni 2023 Supreme Court inaikaniza pulaniyo, majaji 6 kwa 3, ponena kuti boma linalibe mphamvu ya lamulo yochitira zimenezo popanda Congress, Nyumba ya Malamulo ya kumeneko. Sanaweruze kuti kukhululuka nkoipa kapena nkwabwino, anangoti amene wachita izi si mwini wake wa mphamvuzo, nde mkangano weniweni unatsala pomwepo.

Australia yokha inatenga njira ina mu 2025, boma la Anthony Albanese linadula maperesenti 20 pa ngongole ya aliyense osafunsa kuti uli pati. Zosavuta kuyendetsa, palibe fomu, palibe mzere. Koma tawerengani nokha: amene ali ndi ngongole yaikulu ndi amene wapindula kwambiri, ndipo ngongole zikuluzikulu nthawi zambiri zimakhala za omwe anaphunzira za udokotala kapena za malamulo, omwenso adzalandire bwino mtsogolo. Amene anavutikira kubweza yake yonse chaka chapitacho sanapeze kanthu.

Pali chinthu china chomwe pa moto paja palibe anachitchula koma kwa ine ndi chachikulu: kwathu kuno kukhululuka kwa chisawawa kunachitika kale, kungoti sanakulengeze pa wailesi. Amene anakhululuka ndi kwacha. M'zaka za m'ma 1980 dola imodzi sinkafika olo K3. Mu Meyi 2012 kwacha inagwetsedwa kuchoka pa K168 kufika pa K250, mu Meyi 2022 inagwanso ndi maperesenti 25, mu Novembala 2023 ndi maperesenti 44 mpaka dola kufika cha pa K1,700 ku banki, osanena za pa msika wa mseri. Ndiye munthu amene anabwereka ndalama zomwe nthawi imeneyo zinamuphunzitsa chaka chathunthu, akachedwetsa kubweza zaka makumi awiri atatu, amadzabweza ndalama yoti pano siyingagule olo thumba la feteleza. Olo muikepo kachiwongola dzanja, sikangathamangitsane ndi kugwa kotereku. Nde taonani amene wapindula: yemwe anazemba nthawi yaitali kwambiri. Ambiri mwa a m'badwo umenewo anapeza ntchito zabwino, ena ndi mabwana akuluakulu m'boma ndi m'makampani. Pomwe mwana wa lero akubwereka mamiliyoni chifukwa fizi inakwera, lendi ya kachipinda ku Chikanda kapena pafupi ndi Bunda inakwera, bonya ndi soya yemwe anakwera, nkutuluka kupeza ntchito kulibe. Ngati pali kusalungama pa nkhaniyi, kukuyambira apa, ndipo kufafaniza zonse kungangomata chidindo pa kusalungama komweko.

Tsono mbali inayo, ya bambo aja akuti ngongole ndi ngongole. Ndikuuzeni za mwana wa achemwali anga. Mtsikanayu anakhoza bwino pa CDSS ya kumudzi, sukulu yoti labu kunalibe, anasankhidwa ku yunivesite ya boma, mudzi wonse unasangalala. Anapeza loni ya fizi, zina timasonkha ife. Ali chaka chachitatu bambo ake anamwalira, mayi ake nkudwala matenda a mgonagona, kunyumba kunatsala ana atatu ang'onoang'ono. Anati apume chaka chimodzi akasamale mayi, chaka chija chinakhala ziwiri, kenako malo anatha. Pano amakhala ku Chinsapo, ali pa kabenchi ka Airtel Money ndi Mpamba ka munthu wina, pansi pa ambulera yong'ambika mbali imodzi, kope la mizeremizere pa miyendo. Tsiku lina ndinamupeza akuwerenga ma K500 ndi ma K200 akuwasanja pa bondo, ndinamufunsa za ngongole ija, anangoti, amalume, ndimaiganiza usiku uliwonse, koma ndiyambe iti, ya sukulu yomwe sindinamalize kapena fizi ya ana ali kunyumbawa? Mtsikana ameneyu ali ndi ngongole ya digiri koma digiriyo alibe. Kumuuza kuti ngongole ndi ngongole mofanana ndi mmene mungamuuzire mnzake wa kalasi imodzi amene pano ali ku kampani ya mafoni, nkusafuna kuona basi. Ndipo si kwathu kokha, ku America komwe anthu omwe amalephera kwambiri kubweza nthawi zambiri si a ngongole zikuluzikulu ayi, ndi a ngongole zing'onozing'ono omwe sanamalize sukulu.

Nchifukwa chake maiko ambiri ali ndi zifukwa zina zomwe pafupifupi aliyense amavomereza. Munthu akamwalira, ku America ngongole ya boma imathera pomwepo, ku Australia ndi ku England chimodzimodzi, salondola mkazi wamasiye kapena ana. Munthu akalumala moti sangagwirenso ntchito, America ndi England amafafaniza. Sukulu ikakhala kuti inanamiza ophunzira, nayonso ndi nkhani ina: mu 2022 boma la America linafafaniza madola 5.8 biliyoni kwa anthu pafupifupi 560,000 omwe anaphunzira ku Corinthian Colleges, sukulu zomwe zinkanama za mwayi wa ntchito kenako nkugwa. Ifenso kuno tili ndi National Council for Higher Education yomwe imaona ngati sukulu ndi maphunziro ake zili zovomerezeka, ndipo funso loti mwana amene wabwereka ndalama nkudzapeza kuti pepala lake olemba ntchito sakulilandira abweze kapena ayi ndi lofunika kuliyankha lisanatigwere.

Palinso kukhululukira munthu chifukwa cha ntchito yomwe wasankha. Ku America kuli pologalamu ya Public Service Loan Forgiveness yomwe inayamba mu 2007, ukagwira ntchito ya boma kapena ya mabungwe osapanga phindu nkulipira miyezi 120, ndiye kuti zaka 10, yotsalayo amakuchotsera. Iyi ine imandigwira mtima chifukwa ndikuiona ikukwanira bwino kwathu kuno. Tonse tikudziwa mmene zimavutira kusunga mphunzitsi wa masamu kapena sayansi pa CDSS ya kutali komwe magetsi kulibe, kapena namwino pa health centre yoti nthawi ya dzinja galimoto siifika. Aliyense amalimbana kuti amusamutsire m'tauni. Bwanji osanena kuti chaka chilichonse chomwe wakhala kumeneko gawo la ngongole yako likuchoka? Apa boma silikutaya ndalama, likugula chinthu chomwe likuchisowa, ndipo mayi wa tomato uja akapita kuchipatala kumudzi kwawo akapeza namwino alipo.

Koma apa ndi pomwe nkhani imavuta, ndipo amene amati tingoona mmene munthu alili amakonda kudumpha gawo limeneli. Mudziwa bwanji mmene munthu alili? Pologalamu ya ku America ija, anthu oyamba atakwanitsa zaka 10 nkuyamba kufunsira cha m'ma 2017 ndi 2018, pafupifupi 99 pa 100 aliwonse anakanidwa, ambiri chifukwa cha mapepala, mtundu wa loni wolakwika, ndondomeko yolipirira yolakwika, zinthu zomwe palibe anawafotokozera bwino. Zinatenga zaka kuti akonze. Uko ndi ku dziko lomwe pafupifupi aliyense ali ndi nambala ya msonkho. Nanga kuno komwe anthu ambiri amadya za geni? Mphunzitsi wa sekondale ali ndi payslip, ndalama yake ikuoneka poyera, abwana ake atha kumudula mwezi ndi mwezi iye asanaigwire nkomwe. Mnzake amene anaphunzira naye limodzi ali ndi mashopu awiri ku Old Town, amaoda katundu ku Dar es Salaam, pa sabata amagwira ndalama yoposa salale ya mphunzitsi uja, koma pa pepala ndi lova. Mukangoti osagwira ntchito akhululukidwe, wa mashopu uja ndi woyamba pa mzere, mphunzitsi nkumadulidwabe. Ndipo mukati abweretse kalata ya kwa amfumu kapena ya kwa abusa yochitira umboni kuti ndi wovutika, tonse tikudziwa kuti wodziwa kuyankhula, wa thiransipoti yopita uku ndi uku, wodziwana ndi uje, ndi amene amapeza makalata msanga. Mwana wa achemwali anga uja sangatseke benchi masiku atatu kumayenda m'maofesi, tsiku lomwe sanatsegule ndi tsiku lomwe kunyumba sadya. Sefa ikakhala yovuta kwambiri imatsekereza anthu omwewo amene inapangidwira.

Vuto lina ndi la malire. Ku South Africa, zitatha zionetsero za Fees Must Fall zomwe zinayamba mu 2015, pulezidenti wa nthawi imeneyo Jacob Zuma analengeza mu Disembala 2017 kuti ana ochokera m'mabanja opeza osaposa marandi 350,000 pa chaka aziphunzira ulere, thandizo la NSFAS, Loans Board ya kumeneko, nkusanduka mphatso m'malo mwa ngongole. Zabwino kwa omwe ali pansi pa mzerewo. Koma banja lomwe lapyola pang'ono pokha, mwana wa namwino ndi wapolisi mwachitsanzo, silipeza kanthu pomwe fizi silingakwanitse, mpaka anthu amenewa anapatsidwa dzina loti missing middle, apakati oiwalika. Ku Kenya nako mu 2023 anabweretsa njira yoika ophunzira m'magulu potengera kupeza kwa banja, madandaulo anali ambiri oti ana osauka aikidwa m'gulu la opeza bwino, nkhani mpaka inakafika ku khothi. Paliponse pomwe mwajambula mzere pamakhala wina amene waima chala chimodzi kunja kwake.

Nde titani, tingosiya? Ayi. Kwa ine yankho lili pa kusiyanitsa mafunso awiri omwe timakonda kuwasakaniza. Loyamba ndi lakuti munthu anachokera kuti, lachiwiri ndi lakuti ali pati lero. Loyambalo ndi lofunika pomupatsa loni kapena grant, thandizo losabweza, polowa sukulu, nchifukwa chake dzina la bodi ija lili ndi mawu onse awiri. Koma pobweza, lofunika ndi lachiwiri. Mwana wamasiye wa ku Dedza amene anavutika koopsa koma pano ndi manijala pa banki ku City Centre abweze, ndipo abweze monyadira chifukwa thumba lija linagwira ntchito yake pa iye. Mwana wa mkulu wa m'boma amene anakulira ku Area 10 koma anachita ngozi pa msewu wa M1 ndipo sangagwirenso ntchito, ameneyo akhululukidwe. Umphawi wa dzulo si chiphaso chosabwezera mpaka kale, ndipo kupeza bwino kwa makolo dzulo si umboni woti munthu ali bwino lero.

Njira yomwe imatsata maganizo amenewa inayambira ku Australia mu 1989, imatchedwa HECS, ndipo katswiri wa zachuma Bruce Chapman ndi amene anaikonza. Mfundo yake ndi yophweka: sulipira kanthu mpaka malipiro ako atafika pa mlingo wina wake, akafika amakudula kudzera ku ofesi ya msonkho, akatsika kudulako kumaima kokha. England inatengera zomwezo, omwe anayamba sukulu kuyambira 2012 amalipira maperesenti 9 a ndalama yokhayo yomwe yapyola mlingo, ndipo zikatha zaka 30 yotsala imafafanizidwa, kwa omwe anayamba mu 2023 anakweza kufika zaka 40. Taonani ubwino wake: palibe komiti yokhala pansi kumaweruza kuti uyu ndi womvetsa chisoni uyu ayi, palibe kukagwada kwa munthu. Moyo wako womwe ndi umene ukuyankha. Tiyerekeze mlingo uli K300,000 pa mwezi ndipo amadula 10 pa 100 iliyonse ya pamwamba pake, manambalawa ndangopeka kuti timvane. Wolandira K280,000 salipira kanthu, wolandira K400,000 alipira K10,000, wolandira K2 miliyoni alipira K170,000 ndipo amaliza msanga. Palibe phompho loti ukapyola ndi K1 wagwa, chifukwa amadula pa chopyolacho chokha. Mnyamata wa kabaza uja sakhululukidwa lero, koma sasautsidwanso, ngongole yake ikudikira, akadzapeza ntchito adzayamba, akadzapanda kuipeza moyo wake wonse idzafa yokha.

Ndikudziwa kuti wina anena kuti izi zimatheka komwe boma limadziwa ndalama za aliyense, ndipo akunena zoona. Koma sitikuyambira pa zero. Chiphaso cha unzika chilipo kuyambira 2017, MRA imadziwa aliyense amene amadulidwa PAYE, makampani a penshoni ali ndi maina, wa mashopu uja akamalowetsa katundu pa boda ya Songwe kapena Mwanza amalemba dzina, akamafuna laisensi ya bizinesi ku khonsolo amalembanso dzina, akamagula galimoto chimodzimodzi. Zonsezi zitamalumikizana ndi nambala imodzi ya chiphaso, wobisala angachepe. Sizingagwire aliyense, koma ndi bwino kuposa kumangofinya aphunzitsi ndi anamwino chifukwa choti ndi okhawo ooneka. Za omwe anapita kunja, ku Joni, ku UK, ku Ireland, ndi mutu wina wovuta, maiko olemera omwe amalimbana nawo. New Zealand inafika poika lamulo lomanga munthu pa bwalo la ndege ngati wazemba ngongole ali kunja, ndipo anthu amangidwapo. Ine sindikufuna zofika pamenepo, koma munthu amene akulandira mapaundi ndi digiri yomwe Amalawi anamulipirira asamatiuze kuti njira yotumizira ndalama sakuidziwa, pomwe mwezi uliwonse amatumiza za simenti.

Pali madandaulo awiri omwe sindingawanyoze. Loyamba ndi la amene anabweza kale, ena movutika, kudzimana, pomwe anzawo amangoseka. Mukakhululukira osabweza, wokhulupirika uja mwamuuza chani? Nchifukwa chake kukhululuka kukhale ndi chifukwa chomwe wobweza uja atachimva angavomere yekha, imfa, kulumala, zaka zambiri za malipiro otsika, kutumikira kumudzi. Palibe munthu wamtima amene angachitire nsanje mayi wamasiye. Lachiwiri ndi loti anthu akangomva kuti kukubwera kukhululuka amasiya kulipira nkumadikira, makamaka chisankho chikayandikira andale nkuyamba kulonjeza pa misonkhano. Izi ndi zenizeni, ndipo mankhwala ake ndi kulemba zifukwazo m'lamulo, zodziwika munthu asanasaine, zosasintha ndi nyengo ya kampeni. Ku Kenya bungwe lawo la ma loni a sukulu la HELB pena limachotsa zilango za kuchedwa kwa omwe abwera kudzalipira, koma ngongole yeniyeniyo imatsala. Njira ngati imeneyo imakoka anthu kuti abwere poyera osawaphunzitsa kuti kuzemba kumalipira.

Kutacha pa maliro paja ndinakwera kabaza wa mnyamata yemwe uja kupita ku siteji ya minibasi. M'njira ndinamufunsa kuti, aise, atakuuza kuti sakufafanizira, koma sakuvutitsanso mpaka utayamba kulandira zooneka, ndipo ukadzayamba azidzakudula pang'onopang'ono, ungavomere? Anakhala kaye chete tikuzemba maenje, kenako anati, akulu, zimenezo nde ndingasaine lero lomwe, ine sindikukana kubweza, mng'ono wanga ali fomu 4 ndipo chaka cha mawa afunanso loni yomweyo. Chomwe chimamuwawa, anatero, ndi kumutcha wakuba pomwe wapita ku ma intavyu asanu ndi awiri ndi jekete yobwereka. Ndinatsika, ndinamupatsa ya ulendo, iye nkutembenuza njinga kuthamangira mayi wina amene amamukodola ali ndi thumba la makala.